Nyambo zowedzera pangani nokha, ndalama isiyireni mbedza ndi twayini

Chaka chatha ndinapita ku Lilongwe kukasaka masipeya a njinga yamoto, nde pobwerera ndinalowa mushopu ina ya zowedzera, maso anagwera pa kanyambo kabodza kaja konyezimira ngati kansomba, maso ofiira, mbedza zitatu kumchira. Ndinagula, ndalama yake yoti ikanagula ndiwo za sabata yonse kunyumba, mayi akunyumba sindinawauze mpaka lero. Loweruka lake ndili pa Bua, kumtunda pang'ono kwa mlatho wa M1 uja. Kuponya koyamba bhobho. Kuponya kachiwiri kanakola chitsa pansi pamadzi, kukoka, kugwedeza, kusintha poima, mpaka twayini thwa! Kanapita osagwirako olo katemba kamodzi. Ndinakhala pamwala ngati wafedwa, anyamata oweta ng'ombe kutsidya akungondiseka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera kunzeru za malume anga, omwe moyo wawo wonse mushopu amangogulamo mbedza ndi twayini basi, zina zonse amatola. Mitsinje yathu ino, Bua, Rusa, Dwangwa, ndi madamu a m'maesiteti a fodya, pansi pake ndi zitsa ndi miyala zokhazokha, nyambo mudzataya ndithu mufune musafune. Nde bola kutaya chinthu chomwe mwapanga ndi supuni yakale.

Zogula ndi zitatu zokha

Mbedza musapange nokha, olo wina akuuzeni kuti sipoko imatheka. Ndinayesapo, kusula, kunola, koma mlamba wabwino ukagwira imawongoka ngati singano. Gulani. Manambala ake amayenda chobwerera, nambala ikamakula mbedza imachepa, kupatula za /0 zija, zimenezo ndi zazikulu ndipo nambala ikamakula nazonso zimakula. Makumba ndi chilunguni nambala 8 kapena 10, matemba 14 kapena 16, mlamba 1/0 kufika 3/0. Poyesa ngati ili yakuthwa ikandeni pachikhadabo cha chala chachikulu, ikamakola ndi yabwino, ikamangotsetsereka inoleni pa mwala wonolera mpeni.

Twayini ya nayiloni, pa sipulu pamakhala palembedwa kunenepa kwake. 0.25 mm ya makumba, 0.30 mm yoponyera nyambo zabodza, 0.45 kapena 0.50 mm ya mlamba. Osagula yomwe yakhala padzuwa pa benchi ya venda miyezi, dzuwa limaiwotcha imaduka ngati ulusi wowola. Ikokeni ndi manja awiri musanapereke ndalama, wogulitsa akakwiya ndi zake.

Chachitatu ndi kachitsulo kozungulira kaja timati swivo. Anthu amakaona ngati ka fasho chabe koma popanda iko supuni ndi sipina, nyambo zabodza zomwe tipange kutsogoloku, zimapota twayini, mukaponya kakhumi yonse yasanduka chisa cha mpheta.

Mfundo yomangira mbedza yokhala ndi diso ndi iyi. Lowetsani twayini padiso, mbali yotsalayo muikulunge pa twayini yaikulu maulendo 6, mubwerere kulowetsa pa kampata kali pafupi ndi diso, kenako mulowetsenso mu lupu yaikulu yomwe yapangika. Musanakoke nyowetsani ndi malovu. Zikumveka zauve koma nayiloni ikamangika youma imatentha nkufooka pamfundo pomwepo, nde mumadzanamizira nsomba kuti inali yaikulu pomwe vuto ndi inu.

Ndodo ya nsungwi

Sankhani nsungwi yokhwima, ya zaka 2 kapena 3, yomwe yayamba kuchita chikasu, osati yobiriwira yanthete, imeneyo anankafumbwe amaimaliza mwezi usanathe. Kutalika mamita 3 kapena 4, kutsinde ngati chala chachikulu, kunsonga ngati pensulo. Dulani nthawi yachilimwe. Sadzani tinthambi ndi mpeni koma mfundo zake musazisepe kwambiri, mphamvu ili pamenepo. Kenako ipachikeni pamthunzi nsonga kumwamba, kumunsi mumangirire njerwa, ikhale choncho mwezi wathunthu kapena kuposa. Mushedi ya fodya mmene masamba atha ndi malo abwino zedi. Padzuwa ayi imang'aluka.

Ikauma nkupezeka penapake yakhota, yatsani makala, pokhotapo muziyendetsa pamwamba pa moto uku mukutembenuza mpaka patenthe koma osapserera, muwongole pabondo, mugwire choncho mpaka pazizire. Mukatha ipakeni mafuta ophikira pang'ono ndi kansalu.

Pomanga twayini ambiri amalakwitsa, amangomanga kunsonga basi. Yambani kumanga pakati pa ndodo, muikulunge mozungulira kukwera nayo mpaka kunsonga, ndiye mumangenso pamenepo. Tsiku lomwe nsonga idzathyoke nsomba idzakhalabe yanu. Yolendewerayo italike ngati ndodo yomweyo, ikapitirira mudzavutika kutulutsa nsomba.

Za fuloti, koyandama kosonyeza kuti nsomba yadya nyambo, komanso cholemetsa ndingodutsapo mwachangu. Fuloti yabwino kwa ine ndi nthenga yaikulu ya tambala kapena bakha, kuchotsa ubweya kutsala kamtengo kake, nsonga nkupaka kyutekisi yofiira ya alongo anu. Phesi louma la chimanga limagwiranso koma limamwa madzi pakatha ola, patapata wakutha ndiye sadzamira mpaka kalekale. Pomangirira dulani timphete tiwiri pa kamphira ka vavu ya njinga, mulowetse pa twayini, nthenga muisomeke mmenemo, izitha kukwera ndi kutsika malinga ndi kuya kwa madzi. Cholemetsa ndi kanati kakang'ono. Yesani mu ndowa yamadzi kunyumba, fuloti imire kutsale kansonga kofiira kokha, ikayandama yonse makumba amamva kulemera nkulavula nyambo inu osadziwa. Pamadzi othamanga nati yaikulu kapena pulagi yakutha ya njinga yamoto. Koma chonde abale anga, zosungunula mtovu wa mu batire yagalimoto pambaula yophikira zija siyani, utsi wake ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo asidi wake amawotcha.

Supuni

Iyi ndiye ndimaikonda. Pezani supuni ya tiyi yachitsulo chosachita dzimbiri, zimapezeka pa kaunjika wa ziwiya mumsika wa pa boma, kapena pemphani yomwe yapindika kunyumba. Ndati pemphani. Ine ndinangotenga ndipo nkhani yake inafika mpaka kwa apongozi.

Poyamba boolani musanadule chogwirira, chifukwa chogwiriracho ndi chomwe muzigwira poboola. Mabowo awiri, limodzi kumutu kosongoka, lina kufupi ndi khosi, lililonse mamilimita 3 kuchokera m'mphepete. Chitsulo chimenechi ndi chouma mutu, msomali umangotsetsereka, nde chongani kaye malowo pomenya msomali wa konkire kamodzi mwamphamvu, kenako pitani nayo kwa owotcherera akubooleni ndi dirilo ya 2 mm, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Kachiwiri dulani chogwirira ndi sowo ya zitsulo, mupale podulapo ndi tupa mpaka pakhale pobulungira. M'mabowomo palaninso, mukasiya mwakuthwa mumadya mphete.

Chogwirira musataye, chimapanga nyambo ina yowonda ngati usipa. Dulani masentimita 5, mabowo awiri, mupinde pang'ono ngati S.

Tsopano timphete. Ngati muli ndi mphete zing'onozing'ono za makiyi zomwezo ndi zabwino. Ngati mulibe tengani waya wolimba, mukulunge pa msomali wa mainchi 4 maulendo awiri othinana, mudule ndi pulayazi, mwapanga kale. Waya wabwino ndi wa m'mphepete mwa tayala lakutha la njinga yakapalasa, mumangosenda mphira ndi mpeni nkuupala ndi sandipepa. Waya wamagetsi wa kopa ayi, ndi wofewa umatseguka. Mbali yosongoka ya supuni ikani mphete ndi swivo, kumeneko ndi kumutu. Mbali yotakata ikani mphete ndi mbedza.

Za mbedza zitatu zija ine ndinasiya. Ndimaika imodzi, nambala 2 kapena 4, nsonga yake iyang'ane mbali yakuya ya supuni, chifukwa supuni ikamayenda mimba yake imakhala pansi nde mbedza imayang'ana kumwamba, sikola zitsa wambawamba. Zoona nsomba zina zimapulumuka koma supuni imabwerako. Pa khosi la mbedza mangani tinthenga tofiira ta tambala kapena ulusi wofiira wa juzi, mukulunge ndi ulusi wosokera, kadontho ka supa gulu pamwamba. Tisatalike kupyola mbedza kwambiri, nsomba imangoluma nthenga nkusiya chitsulo.

Kupukuta kwake phulusa lonyowa ndi kansalu, imawala ngati yatsopano. Mkati ena amapaka kyutekisi yofiira, kunja nkusiya kowala. Ine ndili nazo za mitundu iwiri ndipo kunena zoona nsomba sizinandionetsepo kuti zimakonda iti.

Sipina

Iyi ndi nyambo ya katsamba kachitsulo komwe kamazungulira pa waya mukamakoka, imafuna kudekha, tsiku loyamba mudzatukwana. Koma chinsinsi chake chili kwa okonza njinga. Pitani pansi pa mtengo pomwe amakonzera, mupemphe manipo a masipoko akutha, tija timamangira sipoko ku rimu. Tambiri ndi ta buraso, tolemera bwino, tili ndi bowo kale pakati, ndipo sitichita dzimbiri. Amangotaya pansi.

Dulani waya uja wa tayala masentimita 10, muwongole bwinobwino pomenya ndi hamala pa thabwa, ukakhota olo pang'ono tsamba silizungulira. Kumunsi pindani kadiso, mulowetse mbedza nambala 6 kapena 8, mutseke pokulunga waya wotsala pa thupi lake maulendo 3. Kenako lowetsani manipo awiri, kapena atatu ngati mukufuna kuponya patali. Pamwamba pake mikanda iwiri yagalasi, yosalala, yaing'ono. Mikandayi musaione ngati yokongoletsa, ndi pomwe tsamba limatsamira pozungulira, ili ngati bering'i.

Tsamba dulani pa chivindikiro cha chitini, cha polishi wa nsapato kapena cha mkaka waufa. Chitini cha zakumwa chija ndi chopepuka kwambiri chimangopindika, osataya nacho nthawi. Maonekedwe ake ngati nthanga ya dzungu, masentimita 2 mulitali, 1 ndi kachidutswa mulifupi. Palani m'mphepete kuti musadzicheke, boolani kumutu ndi msomali waung'ono. Ndiye muliike pa thabwa lofewa, mutenge bawuti ya mutu wobulungira, muigogode pakati pang'onopang'ono mpaka tsamba lichite kachigwa ngati chikhadabo. Osakuya kwambiri.

Tsambali silimalowa pa waya mwachindunji, limalendewera pa kachingwe kachitsulo kooneka ngati U. Pangani ndi phini wa sefuti kapena waya wowonda, mupinde U wa mamilimita 5, nsonga zake ziwiri mupinde timaso. Lowetsani tsamba mu U, kenako timaso tiwirito mulowetse pa waya waukulu. Mbali yakuya ya tsamba iyang'ane manipo. Izi ndi zomwe ndinasokoneza ulendo woyamba, ndinaika chagada, kanangobwera mmadzi ngati chitsotso. Pamwamba siyani sentimita imodzi yopanda kanthu, mupinde diso lomaliza, swivo pamenepo, mwamaliza.

Ipemerereni ndi pakamwa mutaigwira choimika. Tsamba likapanda kuzungulira ndi mpweya mmadzinso silizungulira.

Pali inanso yachidule ya ana, chitsekerero cha botolo la Fanta. Kuboola mbali ziwiri, kuika timabolo 3 ta mu habu ya njinga mkati, kupinda pakati ndi pulayazi, mphete uku ndi uku. Imalira tchekete tchekete mmadzi. Imachita dzimbiri msanga koma yapita ndi chani.

Kuyesa musanapite kutali

Apa ndi pomwe pamasiyana wopanga zidole ndi wopanga nyambo. Kukongola nsomba ilibe nako ntchito, imaona kayendedwe. Pezani madzi oyera osaya, olo thanki ya kudimba kapena chithaphwi cha padambo, mumange nyambo ku ndodo, muikoke uku mukuyang'ana.

Supuni yabwino imagwedezeka uku ndi uku ngati nsomba yovulala. Ikamazungulira ngati pulopela ndiye kuti mukukoka mothamanga, kapena ndi yakuya kwambiri, igonekeni pa thabwa muimenye pang'ono iphwatalale. Ikamangobwera njo osagwedezeka pindani kumutu pang'ono ndi pulayazi. Pang'ono ndithu, nkuyesanso, nkupindanso. Ine supuni imodzi inanditengera madzulo onse koma ndi yomwe yandigwirira nsomba zambiri kuposa zonse, ndikaitaya ndidzalira kuposa ya ku Lilongwe ija.

Sipina ikakana kuzungulira onani zinthu zitatu, waya wakhota, U wathina, kapena tsamba laphwatalala kwambiri. Kawirikawiri ndi U. Ikamayenda bwino mumamva kunjenjemera pa chala chomwe chagwira twayini, kunjenjemerako kukasiya dziwani kuti yakola udzu.

Poti rilo, kamakina kokulungira twayini pa ndodo, ambirife tilibe, kuponya kwake ndi kwa botolo. Tengani botolo losalala kapena chitini chachitali, mumange twayini, mukulunge mamita 30 mwadongosolo osapingasa. Dzanja lamanzere ligwire botolo kukamwa kwake, thako la botolo liloze komwe mukuponya. Lamanja ligwire twayini mita imodzi kuchokera pa nyambo, muzunguze katatu chammbali nkusiya, twayini imavundukuka yokha. Yang'anani kumbuyo kaye, khutu la mwana wa mchimwene wanga lili ndi chipsera mpaka pano. Pobweza mukukulunga pa botolo mosathamanga, nthawi zina kuima kamphindi kuti supuni igwe ngati yafa, nsomba zambiri zimamenya pomwepo. Chala chokokera chivekeni kachidutswa ka chubu, nayiloni imacheka ngati lezala nsomba ikathawa nayo.

Tsono ndisakunamizeni kuti nyambo yabodza imagwira chilichonse. Imafuna nsomba zolusa komanso madzi oyera. Mvula ikagwa Bua nkufiira ngati thobwa, zisungeni mu chitini. June ndi July madzi amazizira nsomba zimachita ulesi. Nthawi yake ndi September mpaka mvula yoyamba, mmamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo. Mlamba umamenya supuni mukaiyendetsa pang'onopang'ono chapansi, chilunguni chachikulu nthawi zina chimalumphira sipina yaing'ono m'mphepete mwa bango. Makumba ambiri sasamala nazo, amenewo apatseni nyongolotsi, ndere, kapena nsima yokanda ndi gaga, muikemo tithonje pang'ono kuti isasungunuke pa mbedza. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba siyani zonse mugwiritse ngumbi. Mpasa ndi sanjika zomwe zimakonda supuni kwambiri zili kumunsi kwa Bua, zimakwera kuchokera kunyanja kudzaswana, koma mbali yaikulu kumeneko ndi m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, simungangolowa ndi botolo lanu. Chimodzimodzi kupaki ya Kasungu kwathu kuno, damu la Lifupa lisakukopeni, mudzagona mu selo chifukwa cha mlamba, ndiponso muli mvuu.

Ya mlamba wapansi

Madzi akada iyi ndiye imadyetsa banja. Twayini ya 0.50 mm, lowetsani nati yaikulu kuti izitsetsereka momasuka, kenako mkanda umodzi, kenako swivo. Kunsi kwa swivo twayini ina masentimita 40 ndi mbedza 2/0. Ubwino wake mlamba ukatola nyambo twayini imadutsa mu nati osamva kulemera, umameza mtima uli mmalo. Ulusi wa mkati mwa nati umadya twayini, nde somekanimo kachidutswa ka chubu ka inki ya bolopeni yakutha, twayini idutse mmenemo.

Nyambo yake ikhale yonunkha. Matumbo a nkhuku ogonera, chiwindi chomangidwa ndi ulusi kuti chisagwe poponya, mulu wa nyongolotsi, olo kachidutswa ka sopo wamtanda. Ukatuluka gwirani kumutu mosamala, minga ziwiri za m'mbali zija zikakubayani dzanja limatupa masiku. Ndipo pa Bua musakhale chogwada m'mphepete penipeni pa madzi akuya madzulo, ng'ona zilimo, imani kumtunda pang'ono ndipo musamabwerere malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Za katupe ndi maneti a udzudzu sindiyankhulapo zambiri, ndi zoletsedwa, ndipo amene amathira katupe padziwe ndi amene amapangitsa kuti ife a mbedza tizibwerako chimanjamanja chaka chonse.

Nyambo ikakola pansi musathamangire kukoka ndi mphamvu ngati mmene ndinachitira ine. Masulani twayini kaye, yendani m'mphepete mpaka mukhale mbali ina ya chomwe chakolacho, ndiye mukoke chobweza. Ikakana ikokeni ithine ngati waya wa gitala nkuisiya mwadzidzidzi, kangapo, kawirikawiri imadumpha yokha. Kulowa mmadzi kukaitola ayi, likodzo ndi ng'ona sizilingana ndi supuni ya tiyi. Yakanitsitsa, kulungani twayini pa kamtengo osati pa dzanja, tembenuzani nkhope, kokani iduke.

Mukafika kunyumba tsukani zonse ndi madzi abwino, ziume padzuwa, waya wa tayala uja mupake kadontho ka mafuta ophikira chifukwa umachita dzimbiri usiku umodzi. Oyilo wa injini ayi, fungo lake limatsalira. Mbedza zisomekeni pa chidutswa cha patapata, zonse mu chitini chotseka, chitinicho pamwamba pomwe ana safikira. Loweruka likubwerali ndikukayesa tsamba lomwe ndadula pa mbale ya loko wakale wa buraso, ndikuona ngati lofiirira lingaoneke bwino madzi akayamba kuda.